Malo Amene Ndinasiyira Thumba la Abiti Saidi

Tadala, ndiwe amene unandifunsa pa ukwati wa mlongo wako kuti, "Adadi, anzanu onse anathera ku Lilongwe m'maofesi akuluakulu, inu munatsalira chiyani ku Chilomoni?" Ndinakuyankha zoseka chifukwa panali alendo. Yankho lenileni ndi ili, ndipo ndalilembera nonse atatu, ngakhale ndikudziwa kuti Yamikani adzalumpha pamene pali za makina. Usalumphe, mwana iwe, nkhani yonse ili pomwepo.

Zaka za ku Makata

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Makata, m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Mwini wake anali a Sumani, Myao wobadwira ku Ndirande, munthu wamfupi amene sankavula kofia ngakhale malata atatentha bwanji. Tinkakonza masikelo a m'magolosale ndi makina a pakauntala a m'masitolo, ndipo makompyuta atayamba kuchuluka m'maofesi tinayamba kukonzanso amenewo. A Sumani sankakalipa. Ukalakwitsa ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi awo mpaka iwe wekha utamasula zimene wamanga. Lachisanu masana ankapita ku mzikiti n'kutisiyira makiyi ife a ku tchalitchi, ndipo pobwera ankadziwa ndithu amene anagona pa benchi, sindikudziwa kuti ankaona bwanji.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa mawu amene anadzasanduka dzina langa. Tsiku lina tikulowetsa sisitimu m'kompyuta yatsopano anandiitana.

"Chikopa, tabwera uone. Kompyuta ili ngati telala. Memori ndi tebulo lake lodulirapo nsalu, disiki ndi kabati yosungiramo. Tebulo likadzaza, telala amaika nsalu zina pa mpando pambali pake, kuti azizitenga akazifuna. Mpando umenewo ndiye swapu. Umaudula kuchokera ku disiki, ndipo uziudula kawiri kukula kwa memori."

"Chifukwa chiyani kawiri, bwana?"

"Ndi mmene ndinaphunzirira. Iwe uzidula kawiri."

Ndinadula kawiri kwa zaka zambiri, ndipo palibe kompyuta imene inadandaula. Maso a Sumani atayamba kuchita mdima anatseka shedi ija, koma asanatseke anandiperekeza okha kwa kampani ina ya za makompyuta imene inkafuna munthu wa manja, wosaopa kuyenda m'fumbi. Sinditchula dzina la kampaniyo. Inandisunga mpaka kupuma kwanga, ndipo sindinasiyane nayo moipa.

Chaka chimene kunabwera timabokosi

Nditagwirako zaka zingapo, kampani inapeza ntchito yoika makina olembera odwala m'tizipatala ting'onoting'ono ta ku Ndirande, Zingwangwa, Machinjiri ndi Bangwe. Sanali makompyuta monga ndinkawadziwira. Tinali timabokosi tochepa ngati theka la buledi, tokhala ndi galasi logwira ndi chala ndi kapulinta kosindikiza timapepala tomata pa mankhwala. Tinkayendera batire, chifukwa za magetsi athu mukuzidziwa. Munalibe disiki. Sisitimu yonse inkakhala pa khadi longa la m'foni, ndipo memori yake, mamegabaiti 512, inali yowotcherera pa bolodi, yosatheka kuwonjezera.

Bwana wathu pa ntchitoyi anali Mayi Kachingwe, injiniya, wamng'ono kwa ine kwambiri moti ndikanatha kukhala malume ake. Ankandilemekeza, koma pa ntchito sankapita m'mbali. Tsiku loyamba ndinakonza kabokosi kamodzi mwa chizolowezi changa, iwo n'kudzaima kumbuyo kwanga.

"Bambo Chikopa, swapu iyi mwaikira chiyani?"

"Ndi lamulo, madamu. Kawiri kukula kwa memori."

"Limenelo ndi lamulo la disiki. Ili ndi khadi. Khadi ukamalembapo n'kufufuta, kulembapo n'kufufuta, limatha, ndipo swapu ntchito yake ndi imeneyo. Tikaika yaikulu chonchi makhadi atifera m'manja chaka chisanathe, ndiye ndi mmene foreksi yavutiramu tiwagula kuti? Apa swapu palibe. Ziro."

Zinandiwawa, sindibisa. Madzulo ndinauza mayi anu kuti lero ndaphunzitsidwa ntchito ndi mwana. Iwo akusenda mbatata anangofunsa kuti, "Nanga wanama?" Ndinafunafuna pamene ananama ndipo sindinapapeze. Tinayesa timabokosi tija m'wekishopu kwa masabata, mmodzi wa ife akukhala kalaliki, wina wodwala. Wodwala abwere, buku lake la kuchipatala litsegulidwe pa makina, alandire mankhwala, buku litsekedwe, abwere wina. Memori inkakwana bwinobwino, malo n'kutsalako. Tinakatiika m'tizipatala monse, ndipo miyezi yoyamba kunali kuyamikira kokhakokha.

Dzinja la chaka chomwecho, ku Bangwe

Mavuto anayambira pa kachipatala kena kumtunda kwa Bangwe. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse linali tsiku la anthu omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ndi aja otalikitsa moyo. Tsiku limenelo foni yanga inkalira nthawi ya m'mawa, ndipo anali a Mponda, kalaliki wa pamalopo.

"Madala, sisitimu yagwanso. Galasi langoti bii, zonse ndinalemba zapita."

Ndinkakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe, n'kukwera mtunda wapansi m'matope, koma pofika ndinkapeza kabokosi kakugwira ntchito ngati sikanalakwepo. Chimene chinkachitika ndinkachidziwa. Memori ikadzaza ndipo palibe swapu, sisitimu imadzipulumutsa pozimitsa pulogalamu imene ikudya malo ambiri, ndipo pulogalamu imeneyo inali yolembera odwala yomweyo. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti inkadzaza ndi chiyani. Mayi Kachingwe anati, "Mwezi wamawa mukakhale pomwepo kuyambira potsegula. Musakagwire kanthu, mukangoona."

Ndinakakhala pa mpando kumbuyo kwa a Mponda. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, makina akuyenda bwino, mpaka pa windo panafika mayi wina wamtali, wovala mpango wophimba mutu ndi khosi, atanyamula thumba la saka ya mpunga losokerera zogwirira. A Mponda anapumira m'mwamba.

"Abiti Saidi afika. Madala, penyetsetsani tsopano."

Mayiyo anatulutsa mtolo wa mabuku a kuchipatala womanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Anali asanu ndi atatu, ndipo panalibe lake. Anali a anthu oyandikana naye nyumba. Limodzi linali la a Jemusi, mlonda wa masana ku Makata, amene akajomba tsiku limodzi ankapeza wina ataima pa geti pake. Lina la mtsikana wogwira m'nyumba ya anthu kutauni, amene abwana ake sankadziwa kuti amamwa mankhwala. Lina la nkhalamba yosatha kutsika mtunda uja. Ena anali a anthu amene sankafuna kuonedwa pa mzere, ndipo zifukwa zawo ndi zawo. Kachipatalako kankalola zimenezi kwa amene akupeza bwino, bola azidzaonekera okha pakapita miyezi. Abiti Saidi ankagulitsa zitumbuwa pa msika, choncho tsiku lake linali m'manja mwake, ndipo sankalandira kanthu pa ulendowo kupatula zikomo.

Pulogalamu ija inkatseka buku pokhapokha mankhwala ataperekedwa ku windo lina. A Mponda ankayenera kutsegula mabuku onse a m'thumba limodzi, n'kuwasiya otsegula mpaka mayiyo atalandira, kuti timapepala tisindikizidwe pamodzi ndipo mankhwala a uyu asalowe m'kathumba ka uyo. Anatsegula loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Atagwira lachisanu ndi chiwiri galasi linada. Mzere unayamba kung'ung'udza. A Mponda anali atayesapo kutsegula awiriawiri, koma zikatero mayiyo ankafola kanayi ku windo la mankhwala, ndipo wopereka mankhwala ankatseka masana n'kupita kukathandiza kwina. Mwezi uliwonse mabuku ena ankabwerera kumtunda opanda kanthu.

Tsiku limenelo a sisita oyang'anira kachipatalako anatuluka, nkhope itatopa. Sanali munthu woipa, koma mzere unali utafika pa msewu. Anati kuyambira mwezi wamawa, munthu mmodzi buku limodzi, aliyense azidzitengera yekha.

Abiti Saidi sanakangane nawo. Anamanga mabuku ake, n'kubwera pamene ndinakhala.

"Ndinu eni makinawa, bambo?"

"Ndine wowakonza chabe, mayi."

"Amene anawapangawo, kwawoko munthu aliyense amadzitengera yekha mankhwala?"

"Zikuoneka choncho."

"Ndiye ali ndi nthawi anthu amenewo." Anakonza mpango. "A Jemusi mwezi watha buku lawo linabwerera. Anakhala masiku osamwa, ndinawaona ine mmene anakhalira. Akati aliyense yekhayekha, a Jemusi sasiya ntchito, ali ndi ana. Asiya mankhwala. Ndi mtsikana uja chimodzimodzi. Ine ndangokuuzani, inu ndi amene mumadziwa za m'katimo."

Ndinatsika mtunda uja mtima uli wolemera. M'wekishopu tinayesa chilichonse, magetsi kuzima, fumbi, kutentha, koma palibe mwa ife amene anaganiza zobwera pa windo ndi mabuku a anzake, chikhalirecho tonse tinakulira m'makomboni momwe anthu amatumana chilichonse.

Mwezi wa mkangano

Mayi Kachingwe anamvetsera zonse osandidula. Analembera amene anapanga pulogalamuyo kunja, ndipo anayankha mwaulemu kuti adzakonza m'pulogalamu yotsatira, osanena kuti liti. Memori sinkatheka kuwonjezera. Timabokosi tokulirapo tinalipo m'makatalogi, koma ndalama zakunja zogulira kunalibe. Chinatsala ndi swapu basi, ndipo tinali ndi masabata ochepa Lachiwiri lija lisanafike.

Ndinayamba ndi lamulo la a Sumani, madamu akuonerera. Ndi swapu yaikulu ija galasi silinade, ndipo ndinatsala pang'ono kudzitama. Koma titatsegula mabuku ambiri, monga kalaliki aliyense angachitire ataona kuti makina sakukana, kabokosi kanayamba kukwawa. Ukagwira galasi unkatha kukaphika tiyi lisanayankhe, ndipo kanyali ka khadi kankangophethira osalekeza, kutanthauza kuti khadi likulembedwa ndi kufufutidwa popanda kupuma. Madamu anangoloza kanyaliko ndi cholembera.

Loweruka ndinapita ku Ndirande kukaona a Sumani. Ndinawapeza pakhonde, maso atatheratu, akumvera wailesi. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Kawiri kaja ndinamva kwa munthu amene naye anamva kwa wina. Iwe unakasunga zaka zonsezi?"

"Munati ndisafunse, bwana."

"Unali mwana, ukanasokoneza. Koma Chikopa, ife si anthu a sikelo kodi? Katundu wa mayiyo wamuyeza?"

Ndinali ndisanamuyeze. Lolemba ndinatsegula mabuku asanu ndi atatu pamodzi, mzere wabodza ukuyenda pambali, n'kuona kuti zosefukira pa memori zinali pafupifupi mamegabaiti 150. Ndinadula swapu ya mamegabaiti 256, theka la memori, osati kawiri, ndipo ndinauza sisitimu kuti izipita kumeneko pokhapokha itapanikizika kwenikweni. Masiku wamba khadi linkapuma. Thumba likafika, kabokosi kankachedwerako pang'ono koma sikankagwa, ndipo pankatsala malo a mabuku awiri kapena atatu. Kupitirira apo kankagwabe, ndipo ndinasiya dala choncho, chifukwa kugwa kamodzi n'kudzuka kunali bwino kusiyana ndi kukwawa tsiku lonse kakudya khadi.

Ndinaonetsa madamu ndikuyembekeza kuti andigwira chanza. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kukoka mpando.

"Mwayeza bwino, sindikutsutsa. Koma khadi lizithabe msanga kuposa mmene tinalonjezera, ndipo silinena tsiku lofa. Likafa Lachiwiri m'mawa, si mabuku eyiti amene abwerere, ndi mzere wonse. Ndafunsanso ku Ndirande ndi ku Machinjiri, matumba ngati limeneli aliko, kungoti makalaliki akumeneko amangowabweza osatiuza. Ndiye swapu iyi ikalowa, ilowa monse, ndipo pafunika munthu woyenda mwezi ndi mwezi, kuyeza makhadi ndi kuwasintha asanafe. Munthu wodziwa. Ndilibe wina."

Tonse awiri tinkadziwa chimene sanachitchule. Kampani inali kutsegula ofesi ku Lilongwe, ndipo dzina langa linali litalembedwa kale kuti ndikakhale woyang'anira amisiri, ndi nyumba ya kampani, ndi galimoto. Ndinali nditauza kale anzanga ku tchalitchi.

"Sindikukukakamizani, bambo. Mwayenera kupita, mwagwira nthawi yaitali. Koma mukapita swapu sindiika. Sindingatchere msampha popanda wouyendera."

Ndinawakwiyira tsiku limenelo, ndipo ndinawakwiyira chifukwa ankanena zoona. Ku Lilongwe ndinkakufuna, ana inu. Ndinali nditatopa ndi kupanikizana anayianayi m'minibasi, bokosi la zida lili pa maondo. Ndinkafuna kuti tsiku lina nanenso ndidzaitane munthu kuti, tabwera uone.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinauza mayi anu. Anali atayamba kale kufunsa mitengo ya makatani.

"Mukufuna mukane nyumba ya matailosi chifukwa cha mayi wa thumba amene simukudziwa ndi kumene amagona?"

"Sindinakane. Ndikungonena mmene zilili."

"Mwakana kale. Nkhope yanuyo ndimaidziwa."

Sanandilankhule bwino masiku angapo. Chakudya chinkafika pa tebulo ndi phokoso. Kenako m'mawa wina ndikumanga nsapato anaima pakhomo, osandiyang'ana, n'kunena kuti achimwene awo a ku Zingwangwa, amalume anu aja, buku lawo nalonso limayenda m'thumba la munthu wina, ndipo sanandiuze chifukwa eni ake anawaletsa. Amalume anu andilola kulemba zimenezi, akuti zobisa zinatha ntchito.

"Kakaneni," anatero mayi anu. "Koma musayembekeze kuti ndikusekererani mwezi uno."

Anasunga mawu awo, mwezi wonse sanandisekerere. Ndinakakana, ndipo sabata yomweyo ine ndi madamu tinakwera mtunda wa ku Bangwe kukapempha a sisita kuti ayembekeze Lachiwiri limodzi lokha asanakhazikitse lamulo lawo. Lachiwiri lija mabuku onse asanu ndi atatu anatseguka, timapepala tinatuluka, ndipo Abiti Saidi anachoka dzuwa lisanafike pamutu. Lamulo la buku limodzi silinamvekenso.

Zaka zoyenda ndi makhadi

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali ya miyendo. Ndinkayenda ndi kachitini ka mafuta odzola momwe ndinkasungamo makhadi okonzeratu, sisitimu ili kale m'kati. Ndikafika pa kachipatala ndinkayesa khadi, ndikaona kuti layamba kuchedwa kulemba kapena kulakwitsa, ndinkasamutsa zonse n'kuika latsopano. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, minibasi zitafola m'mafilingi siteshoni, ndinayendapo wapansi kuchoka ku Limbe mpaka kumtunda kwa Bangwe, ndipo maondo angawa sanandikhululukire mpaka lero. Makhadi abwino akasowa tinkagula a m'timasitolo, ndipo ena anali abodza, pamwamba alemba kukula kwina m'kati muli kwina. Ndinaphunzira kudzaza khadi lililonse mpaka pakamwa ndisanalikhulupirire.

Walira mvula walira matope. Chaka china khadi la ku Machinjiri linafa tsiku la mankhwala, nditaliyesa sabata yapitayo n'kuliona labwino. Anthu anakhala padzuwa mpaka masana, ena anabwerera. Ndinaimbira madamu ndikuyembekeza mawu aja akuti ndinanena ine. Sanawanene. Anabwera okha pa galimoto yawo ndi khadi lina, tinakonza limodzi, ndipo pobwerera anandigulira fanta ndi sikono. Atasamukira ku ntchito ina ndinamva kusowa ngati wachoka mbale wanga.

Amene anapita ku Lilongwe m'malo mwanga anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa kugwira chowotcherera. Akabwera ku misonkhano ankatsika pa galimoto, mimba itayamba kutsogola, n'kundikuwira kuti, "A Swapu, makhadi ali bwanji?" Dzinalo linamera, mpaka makalaliki atsopano ankaganiza kuti ndi la makolo anga. Ndinkaseka nawo, koma masiku ena zinkandiwawa, makamaka chaka chimene iwe Tadala unafuna sukulu ija imene sitinakwanitse. Ndinakuona mmene unandiyang'anira, ndipo sindinakudzudzule mumtima.

Abiti Saidi sanadziwepo kuti swapu n'chiyani, ndipo sankafuna kudziwa. Nditayesa kuwafotokozera za telala ndi mpando anandidula.

"Mwachidule mwandimangira kachipinda m'katimo?"

"Eya, kachipinda. Koma n'kakang'ono. Mabuku eyiti, ndi malo a awiri apadera. Musapitirire pamenepo."

"Matenda sapangana ndi munthu, bambo. Koma ndamva."

Tikakumana Lachiwiri ankandipatsa zitumbuwa ziwiri zokulunga m'pepala, n'kufunsa kuti kachipinda kawo kali bwanji, kodi sikakudontha. Mabuku a m'thumba ankasintha. Nkhalamba ija inamwalira, mtsikana uja anakwatiwa n'kusamukira kwawo ku Mulanje, ena analowa m'malo mwawo, koma chiwerengero mayiyo anachisunga monga tinapanganira. A Jemusi sindinawaonepo zaka zonsezo. Ndinkangodziwa buku lawo, lachikuto chobiriwira chomata ndi selotepi.

Chaka chopuma

Chaka chimene ndinapuma ndi chimenenso kunabwera makina atsopano, a memori yochuluka moti thumba lonse likanalowa kakhumi popanda kufuna swapu. Achinyamata amene anabwera nawo ankayang'ana timabokosi tathu ngati zinthu za kumyuziyamu, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ku Bangwe anati adzasintha pakati pa mwezi, choncho Lachiwiri loyamba la mwezi umenewo linali lomaliza la kabokosi kaja, ndi langa lomwe. Ndinapita kukatsanzika. A Mponda, tsitsi litayamba imvi, anandiikira mpando womwe uja kumbuyo kwawo.

Thumba linafika nthawi yake, saka ya mpunga yomwe ija, zogwirira zitasokedwanso ndi ulusi wina. Koma linali m'manja mwa bambo wamtali, wovala jombo za ulonda.

"Abiti Saidi ali kuti?" anafunsa a Mponda.

"Miyendo yawakana. Akuti ndi shuga, anawapeza nayo mwezi watha ku chipatala chachikulu, awatumiza kuti azilandirira kuno. Ndasinthana ndi mnzanga ku ntchito, ine ndizigwira Lamulungu, iye Lachiwiri. Ndine Jemusi."

Ndinawayang'ana bamboyo kuyambira ku jombo mpaka kumutu. Anali wamphamvu, wa mapewa otambalala, wonenepa kuposa ine. Anamasula mphira n'kuika mabuku pa windo. Pamwamba panali lobiriwira lija. Pansi penipeni panali latsopano, chikuto chisanapindike, ndipo a Mponda atawerenga anatembenuka kundiyang'ana.

"Madala, ndi naini."

"Tsegulani."

Lachisanu ndi chiwiri litatseguka kanyali ka khadi kanayamba kuphethira. Lachisanu ndi chitatu linachedwa monga mwa masiku onse. A Mponda anagwira lachisanu ndi chinayi, ndipo galasi linaima osayankha. Ndinkadziwa zimene ndinayeza, koma ndinayeza kalekale, ndipo pulogalamu inali itanenepa ndi zowonjezera za zaka zonsezo. Kenako dzina la mayiyo linaonekera pa galasi, ndipo a Mponda anayamba kulemba ngati palibe chachitika. Patapita kanthawi kapulinta kanatulutsa timapepala tonse, kachisanu ndi chinayi komaliza.

A Jemusi atalandira mankhwala anabwerera pa windo, akulongedza timatumba m'saka muja mosamala, kalikonse ndi buku lake.

"Pepani, a Swapu ndi ati pano?"

"Ndine."

Anavula chipewa. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kokulunga, kamafuta, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Zitumbuwazi waphika ndi mwana wawo, akuti pepani ngati mchere wachepa. Ndiye Abiti Saidi anati ndikakupezani ndikuuzeni kuti lero nawonso alowamo m'kachipinda kaja."

Ndinangowathandiza kumanga mphira, ndipo ndinamanga molakwika mpaka anamasula n'kumanganso okha. Zitumbuwazo ndinafika nazo kunyumba, chimodzi ndinadya ine, china mayi anu.

Ndiye Tadala, ukadzamva wina pa msika kapena pa maliro akufunsa kuti kodi ndiwe mwana wa a Swapu, usachite tsinya monga unachitira tsiku lija wina atakufunsa ku Limbe. Uzivomera.